Piritsi limodzi la BP lokhala ndi mankhwala awiri: kamwedwe kake ndi zoyenera kusamala

Mwezi watha azakhali anga a kwa Mpondasi ku Mangochi anachita chizungulire ali pamjigo, moti amayi anzawo anachita kuwagwira kuti asagwere pandowa. Dzuwa linali lisanakwere n'komwe. Nditafika kwawo ndinawapempha kuti anditulutsire mankhwala onse amene akumwa. Anatulutsa kajumbo, m'katimo muli timapepala tiwiri ta mapiritsi akale ndi kabokosi kamodzi katsopano.

"Awa ndi akale aja, mwanangu. Atsopanowa anandipatsa nditadandaula za chifuwa chija. Ndiye ndikumwa onse."

"Azakhali, adokotala sanakuuzeni kuti akalewa musiye?"

"Mwina ananena. Koma kapiritsi kamodzi kangagwire bwanji ntchito ya awiri?"

Akale aja anali HCT ndi enalapril. Pakabokosi katsopano panalembedwa kuti telmisartan 40 mg ndi hydrochlorothiazide 12.5 mg, ndipo hydrochlorothiazide ndiye dzina lonse la HCT yemwe uja. Choncho kwa masiku angapo azakhali ankamwa HCT kawiri, n'kumamwanso enalapril pamodzi ndi telmisartan, mankhwala awiri amene sayenera kukumana m'thupi limodzi. Tinabwerera nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Funso lawo lija ndalimvanso kwa anthu ena ambiri, ndipo ndi funso lanzeru lofunika yankho lomveka.

Kodi mankhwala ophatikiza n'chiyani?

Kuno sizachilendo ayi, kungoti sitinazolowere kuziona pa BP. LA amene timamwa tikadwala malungo ndi mankhwala awiri m'piritsi limodzi, artemether ndi lumefantrine. Piritsi la ma ARV limene anthu ambiri akumwa masiku ano lili ndi atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Odwala TB m'miyezi iwiri yoyamba amamwa piritsi lokhala ndi mankhwala anayi. Palibe amene amati LA ndi wofooka chifukwa choti anamuphatikiza. Ndi chimodzimodzi ndi a BP: fakitale imatenga mankhwala awiri, nthawi zina atatu, aliyense pa mlingo wake, n'kuwaumba kukhala piritsi limodzi.

Mungawazindikire pabokosi. Pansi pa dzina lalikulu la malonda pamakhala mayina awiri olembedwa ting'onoting'ono, ndiponso manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 40/12.5, 50/12.5 kapena 80/5. Nambala iliyonse ndi ya mankhwala ake. Makampani ambiri amawonjezera kachizindikiro kudzina, monga Plus, Co, H kapena HCT. Micardis ndi telmisartan yekha, koma Micardis Plus ndi telmisartan ndi HCT. Diovan ndi valsartan yekha, Co-Diovan ali ndi HCT. Ena alibe chizindikiro chotere: Twynsta ndi telmisartan ndi amlodipine, Exforge ndi amlodipine ndi valsartan. N'chifukwa chake dzina lalikulu lija si lofunika kuloweza. Ofunika ndi mayina awiri ang'onoang'ono aja, chifukwa malamulo a mankhwala onse awiri amakukhudzani ngakhale mukumeza kamodzi.

Ntchito ya mankhwala aliwonse m'thupi

Amene anathirirapo dimba ndi pampu yoponda ndi miyendo amadziwa kuti madzi amakankha paipi mwamphamvu pa zifukwa zitatu: woponda akaponda mwamphamvu, madzi akachuluka, kapena paipi ikafinyika. Mtima ndiye pampu, mitsempha ndiyo mapaipi. Nambala yapamwamba pa makina oyezera BP ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukufinya, yapansi ndi pamene wapuma. Ikafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku awiri osiyana, achipatala amati munthu ali ndi matenda othamanga magazi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali nawo, ndipo ochuluka kwambiri sankadziwa. Sapweteka, koma amadya pang'onopang'ono mtima, impso, maso ndi ubongo, mpaka tsiku lina munthu n'kudzuka atafa ziwalo mbali imodzi.

Mankhwala ali m'mabanja, ndipo mchira wa dzina ndi umene umaulula banja. HCT, bendrofluazide, indapamide ndi chlorthalidone ndi okodzetsa: amathandiza impso kutaya mchere ndi madzi owonjezera. Amene mayina awo amathera ndi dipine, monga amlodipine ndi nifedipine, amafewetsa makoma a mitsempha kuti njira ikule. Othera ndi pril, monga enalapril, captopril, lisinopril ndi perindopril, komanso othera ndi sartan, monga losartan, valsartan ndi telmisartan, amalimbana ndi angiotensin, chinthu chimene thupi limapanga lokha chofinya mitsempha. A pril amaletsa kuti chisapangidwe, a sartan amaletsa kuti chisagwire. Popeza onse awiri amatseka njira imodzi, kuwamwera pamodzi sikuwonjezera chitetezo koma kumalemetsa impso, ndipo apa ndi pamene azakhali analakwitsa mosadziwa. Othera ndi olol, monga atenolol, amachepetsa liwiro ndi mphamvu ya pampu yeniyeniyo.

Bwanji osangowonjezera mlingo wa mankhwala amodzi?

Chifukwa thupi limabwezera. Mukamwa okodzetsa, madzi amachepa m'mitsempha, impso zimazindikira, ndipo zimayambitsa kupangidwa kwa angiotensin wambiri kuti BP ikwerenso. Mukawonjezera sartan kapena pril, mwatseka njira yobwezerayo. Asodzi a chilimira sakoka khoka ndi boti limodzi, amakoka mbali ziwiri kuti usipa usapeze potulukira.

Mu 2009 akatswiri a ku London anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 42 wokhudza anthu pafupifupi 11,000. Anapeza kuti kuwonjezera mankhwala a banja lina kumatsitsa BP pafupifupi kasanu kuposa mmene imatsikira mukangochulukitsa kawiri mlingo wa omwe mukumwa kale. Zovuta zambiri zobwera ndi mankhwala zimakula ndi mlingo, kotero milingo iwiri yaing'ono kawirikawiri imavutitsa pang'ono kusiyana ndi umodzi waukulu. Nthawi zina mnzake amachita kuphimba vuto la mnzake. HCT amataya potaziyamu, womwe ndi mchere wina wa m'magazi wothandiza kuti mtima uzigunda mwadongosolo, pamene a pril ndi a sartan amausunga. Amlodipine amatupitsa akakolo, koma akakhala ndi pril kapena sartan kutupako kumachepa.

Palinso kafukufuku wa kuno kwathu ku Africa wotchedwa CREOLE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Anachitika pa anthu 728 ku Nigeria, Cameroon, Uganda, Kenya, South Africa ndi kwa anansi athu ku Mozambique. Anapeza kuti mwa anthu akuda, amlodipine akaphatikizidwa ndi HCT kapena ndi perindopril ankatsitsa BP kuposa perindopril ndi HCT. Izi sizikutanthauza kuti amene sanapatsidwe amlodipine anamulakwitsira. Wodwala shuga kapena impso amapindula ndi pril kapena sartan mwa njira ina yoteteza impso, ndipo amene mapazi amamutupa kwambiri sangapirire amlodipine. Posankha, dokotala amayang'ana munthu yense. Chaka chomwecho cha 2019 WHO inaika mapiritsi anayi ophatikiza pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira kwambiri, omwe ndi lisinopril kapena telmisartan, aliyense ataphatikizidwa ndi amlodipine kapena ndi HCT. Mu 2021 inalangizanso kuti pamene munthu akufunika mankhwala awiri, ndi bwino akhale m'piritsi limodzi, chifukwa limodzi siliiwalika msanga.

Ali ndi mbali yake yovuta. Simungachepetse mankhwala amodzi n'kusiya enawo mmene alili. Thupi likadandaula, zimatenga nthawi kudziwa kuti wolakwa ndi uti mwa awiriwo. Ndipo kuno kwathu m'zipatala za boma mumapezeka kwambiri mapiritsi apaderapadera, pamene ophatikiza amapezeka kawirikawiri m'mafamase ndi m'zipatala zolipira. Amene akumwa HCT payekha ndi amlodipine payekha, BP yake n'kukhala bwino, sakutsalira m'mbuyo pa chilichonse.

Ngozi yaikulu: kumwa mankhwala omwewo kawiri

Ndikadafunsidwa kuti vuto lofala kwambiri ndi liti, ndikadanena ili. Limabwera m'njira zitatu zimene tonse kuno timazidziwa.

Yoyamba ndi ya azakhali: mwapatsidwa atsopano, akale akadali m'nyumba, ndipo mtima sukulola kutaya mankhwala. Yachiwiri ndi ya zipatala ziwiri. Munthu amatenga HCT kuchipatala chaching'ono chakwawo ku Namwera kapena ku Monkey Bay, kenako akabwera ku boma n'kulowa chipatala cholipira osatenga buku lake la kuchipatala, n'kupatsidwa piritsi lokhala ndi HCT yemweyo m'dzina lina. Yachitatu ndi ya ku Joni. Ana athu ambiri ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo akamva kuti mayi kumudzi akuvutika ndi BP amagula mankhwala n'kutumiza pamodzi ndi katundu. Chikondi chake n'chenicheni, koma bokosi la kumeneko limakhala ndi dzina lachilendo, ndipo palibe amene wayeza impso za mayiwo kapena kudziwa zimene akumwa kale. Bokosi lotere lisatsegulidwe lisanaonedwe ndi dokotala kapena wa ku famase. Kugawana mapiritsi ndi mnansi chifukwa "tonse ndife a BP" kuli m'gulu lomweli.

Choteteza n'chosavuta. Popita kuchipatala nyamulani mankhwala onse m'jumbo imodzi, ngakhale ogula pagolosale ndi azitsamba. Mukapatsidwa atsopano, funsani musanatuluke m'chipinda: "Adokotala, mwa akale aja ndisiye ati?" Apempheni alembe yankho m'bukumo. Ngati kuwerenga kumakuvutani, pitani ndi mwana kapena mdzukulu woti akamve nawo, ndipo osiyidwawo achoke m'nyumba.

Kamwedwe ka tsiku ndi tsiku

Ambiri mwa mapiritsi amenewa amamwedwa kamodzi patsiku, pa nthawi imodzimodzi. Okhala ndi okodzetsa ndi bwino kumwa m'mawa kuti musamadzukedzuke usiku. Amangirireni ku chinthu chimene simuiwala, kaya ndi swala ya m'bandakucha, kaya ndi phala. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani. Mukakumbukira nthawi ya piritsi lotsatira itayandikira, loiwalikalo lisiyeni, musamwe awiri.

Musathyole piritsi pakati kuti likhalitse kapena kuti "lichepe mphamvu" popanda kuuzidwa ndi achipatala. Ena anapangidwa mosanjikiza, mbali iyi mankhwala awa, mbali iyo enawo, ndipo theka silikhala ndi theka la chilichonse. Telmisartan amakoka chinyezi, choncho asatulutsidwe m'kapepala kake konyezimira mpaka nthawi yomwa. Ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala, mankhwala asakhale pawindo, pafupi ndi malata, kukhitchini kapena m'thumba la malaya tsiku lonse. Malo ozizirirako, ouma, osafikira ana ndiwo abwino.

BP ikatsika sikuti matenda atha. Yatsika chifukwa mankhwala akugwira, ndipo mukasiya imakweranso mwakachetechete m'masiku kapena milungu yochepa. Kusiya mwadzidzidzi piritsi lokhala ndi atenolol n'koopsa kwambiri, chifukwa mtima ungathamange kapena kuyamba kupweteka. Atenolol yemweyo samagwirizana ndi odwala mphumu, choncho nenani ngati muli nayo.

Zimene thupi linganene

Chizungulire chopepuka poimirira m'masiku oyamba n'chofala. Podzuka yambani mwakhala pamphepete pa bedi kapena pamphasa, kenako muimirire pang'onopang'ono. Koma chizungulire chofuna kugwetsa munthu, kapena kukomoka, ndi chizindikiro choti BP yatsika mopitirira ndipo muyenera kukayezetsa tsiku lomwelo. Msodzi amene wangoyamba mankhwala kapena wangowonjezeredwa mlingo aone kaye mmene thupi likuchitira ali pamtunda, chifukwa chizungulire cha m'bwato usiku pakati pa nyanja chilibe wokugwira. Chimodzimodzi a kabaza ndi okwera pamwamba pomanga. Mowa umawonjezera chizungulirecho.

Amlodipine angatupitse akakolo, makamaka madzulo, n'kubweretsanso mutu kapena kutentha kumaso poyamba. Kutupa kumeneku sikuchokera ku madzi ochuluka m'thupi, ndiye kudzigulira mapiritsi okodzetsa sikuthandiza. Kanenedwe kuchipatala, makamaka ngati kukubwera ndi phuma, chifukwa apo nkhani ingakhale ya mtima.

A pril amayambitsa chifuwa chouma chokanda pakhosi, chopanda makhololo, mwa munthu pafupifupi mmodzi pa khumi alionse. Ndicho chinavutitsa azakhali, ndipo n'chifukwa chake anawasinthira ku sartan, amene sakonda kutsokomoletsa. Komabe kuno TB ndi yambiri. Chifuwa chopitirira milungu iwiri chiyezedwe, musangoganiza nokha kuti ndi mankhwala.

HCT angabweretse kufooka, kukokana kwa minofu ya miyendo, ndiponso kusokonezeka mutu mwa okalamba mchere wa m'magazi ukatsika. Angadzutse gauti, nyamakazi ija yotupitsa chala chachikulu chakuphazi, ndipo angakwezeko shuga pang'ono. Amapangitsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo kafukufuku wa ku Denmark anasonyeza kuti kumwa HCT zaka zambiri kumawonjezera chiopsezo cha khansa ina yapakhungu. Kwa ambiri a ife chiopsezochi n'chaching'ono, koma kwa abale athu achialubino, amene khungu lawo likulimbana kale ndi dzuwa la kunyanja, ndi nkhani yoyenera kukambirana ndi dokotala asanayambe piritsi lililonse lokhala ndi HCT.

Pali china chosafuna kudikira m'mawa. Milomo, lilime, zikope kapena pakhosi zikatupa mwadzidzidzi, makamaka kwa amene akumwa pril, musamwenso piritsilo ndipo thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa kutupako kungatseke njira ya mpweya. Vutoli limagwera anthu akuda kwambiri kuposa azungu, ndipo lingabwere ngakhale munthu atamwa mankhwalawo miyezi kapena zaka popanda chovuta. Amene zinamuchitikirapo asadzamwenso pril moyo wake wonse, ndipo zilembedwe pachikuto cha buku lake.

Chimodzimodzi kukamwa kukapotoka, mkono kapena mwendo ukafooka, lilime likalemera, pachifuwa pakapweteka ngati pakanikizidwa, mpweya ukabanika, kapena mutu ukapweteka kwambiri maso n'kuchita chidima, makamaka makina akamaonetsa 180/120 kapena kupitirira. Apo pakufunika galimoto. Kumwa piritsi lachiwiri kunyumba kuti BP itsike msanga kungawononge zinthu kwambiri.

Kutentha, kutsekula m'mimba ndi kusala kudya

Gawo ili likutikhudza ife a ku Mangochi kuposa anthu a kumalo ozizira. Piritsi lokhala ndi okodzetsa pamodzi ndi pril kapena sartan limagwira bwino thupi likakhala ndi madzi okwanira. Madzi akachepa, impso zimafuna angiotensin yemwe uja kuti zipitirize kusefa magazi, koma mankhwala amutsekereza. Zotsatira zake impso zingafooke m'masiku ochepa. Wolima padzuwa, woyanika nsomba pathandala kapena wopalasa njinga tsiku lonse azimwa madzi asanamve ludzu lalikulu. Kuchepetsa madzi dala pofuna kupewa kukodza pafupipafupi ndi kulakwitsa kumene anthu ambiri amachita paulendo wa minibasi.

Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene boma lathu la Mangochi linali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Munthu wa BP akayamba kutsekula m'mimba kwambiri, kusanza, kapena kutentha thupi mpaka kulephera kudya ndi kumwa, ayambe Thanzi ORS ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo atanyamula bokosi la mankhwala ake. Kawirikawiri achipatala amaimitsa kaye okodzetsa, a pril ndi a sartan mpaka munthu atadya ndi kumwa bwinobwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. Popeza piritsi lophatikiza silingagawidwe, limaima lonse, ndipo nthawi zina amapereka lina logwirizira. Amene amakhala kutali, monga kwa Makanjira kapena ku Katuli, afunsiretu ali bwinobwino: "Ndikadzatsekula m'mimba usiku, ndidzamwe kapena ndidzadikire?"

Pa mwezi wa Ramadhani, piritsi la kamodzi patsiku limapepukitsa zinthu chifukwa lingamwedwe pomasula madzulo kapena pa chakudya cha m'bandakucha. Chovuta ndi okodzetsa: akamwedwa m'bandakucha, munthu amataya madzi masana onse osaloledwa kubwezera, makamaka mweziwo ukagwera nyengo yotentha. Njira yabwino ndi kukaonana ndi dokotala mwezi usanayambe kuti asankhe nthawi kapena asinthe mankhwala. Chisilamu chimapereka mpata kwa wodwala, ndipo ashehe angafotokoze bwino mbali imeneyo. Akhristu osala kudya masiku angapo kumapiri kapena kutchalitchi ali pa chiopsezo chomwecho, ndipo nawonso afunsiretu.

Mankhwala ena amene sagwirizana nawo

Brufen, diclofenac ndi Indocid amagulitsidwa paliponse, ndipo ndi amene asodzi, alimi ndi agogo a mawondo amathamangira. Amakweza BP, amafooketsa mankhwala a BP, ndipo akakumana ndi okodzetsa pamodzi ndi pril kapena sartan amakhala atatu opanikiza impso nthawi imodzi. Munthu wa piritsi ngati la azakhali akamwa Brufen mlungu wathunthu m'nyengo yotentha akuika impso zake pangozi yeniyeni. Pa ululu wamba, Panado pa mlingo wake ndiye woyamba. Ululu ukapitirira, pitani mukaonedwe. Mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno, okhala ndi pseudoephedrine, amakwezanso BP.

Bactrim, amene anthu ambiri a ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, amakweza potaziyamu, ndipo a pril ndi a sartan amatero nawonso. Potaziyamu akakwera kwambiri mtima umasokonezeka kagundidwe popanda chenjezo. Izi si chifukwa chosiyira Bactrim kapena ma ARV. Ndi chifukwa chouzira a ku kiliniki ya BP zonse zimene mukumwa, ndi a ku kiliniki ya ma ARV chimodzimodzi, kuti akuyezeni magazi. Ndikudziwa kuti ena amabisa buku limodzi akapita kwinako poopa kudziwika, koma dokotala wosadziwa sangakutetezeni. Ma ARV ena a gulu lachiwiri okhala ndi ritonavir amachulukitsa mphamvu ya amlodipine m'magazi, pamene rifampicin wa m'mankhwala a TB amaichepetsa, moti BP ingakwere m'miyezi ya chithandizo cha TB n'kutsikanso chikatha.

Mapiritsi opatsa abambo mphamvu, monga Viagra, amatsitsanso BP, choncho afunsidwe kaye. Pa nkhani yomweyi, abambo ena amasiya mankhwala mwakachetechete poona kuti mphamvu m'nyumba zachepa. HCT ndi atenolol angachitedi zimenezi, komanso BP yosasamalidwa ndi shuga zimachita zomwezo. Dokotala akauzidwa angasinthe mankhwala. Za zitsamba, vuto n'lakuti palibe amene anayeza mlingo wa zili m'botolo. Ngati mukumwa, nenani.

Amayi oyembekezera ndi ofuna mwana

A pril ndi a sartan amawononga impso za mwana m'mimba ndi kuchepetsa madzi amene amamuzungulira, makamaka kuyambira mwezi wachinayi. Mayi aliyense amene akadali pa msinkhu wobereka adziwe ngati piritsi lake lili ndi limodzi mwa mayina amenewa. Ngati akufuna kutenga pakati, asinthidwe mankhwala asanatenge. Ngati waphonya kumwezi kapena wazindikira kuti ali ndi pakati, asamwenso piritsilo ndipo apite ku sikelo tsiku lomwelo, osati kungokhala opanda mankhwala, chifukwa BP yokwera pa mimba imapha mayi ndi mwana. Alipo ogwiritsidwa ntchito pa mimba, monga methyldopa ndi nifedipine. Woyamwitsa anenenso. Ndipo ku kiliniki ya kulera nenani kuti muli ndi BP, chifukwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen amaikweza, pamene njira zina zilipo.

Kuyezetsa, mchere, ndi tsiku limene mankhwala asowa

Poyamba piritsi lokhala ndi pril, sartan kapena okodzetsa, pamafunika kuyeza magazi kuona creatinine, amene amasonyeza mmene impso zikusefera, komanso potaziyamu, kenako kubwerezanso pakatha mlungu umodzi kapena milungu iwiri ndiponso mlingo ukasinthidwa. Si zipatala zonse zazing'ono zimene zili ndi makina ake, choncho funsani kumene mungakayezetse. Ife okulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi, Malombe ndi mtsinje wa Shire tili ndi chifukwa china: likodzo lokhalitsa lingathe kuwononga njira ya mkodzo ndi impso munthu osadziwa. BP yeniyeniyo iziyezedwa mwezi ndi mwezi mpaka itatsika pansi pa 140/90, kenako miyezi 3 mpaka 6 iliyonse. Odwala shuga, impso kapena mtima amapatsidwa malire otsikirapo. Poyezetsa khalani kaye pansi mphindi zisanu, makamaka ngati mwabwera pa njinga kapena wapansi.

Mchere umalimbana ndi mapiritsi onsewa. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuwerengera ndi wobisika mu nsomba zothiridwa mchere poyanika, timabulu tokometsera ndiwo, tchipisi cha pachiwaya ndi soda wa m'therere. Nsomba yamchere iviikidwe kaye m'madzi, ndipo mchere wowaza pambale uchoke. Mchere wogulitsidwa kuti ndi "wa odwala BP" kawirikawiri umakhala wa potaziyamu, ndipo wa pril kapena sartan asaugwiritse ntchito asanafunse.

Pomaliza pali tsiku limene piritsi lanu silipezeka, kapena ndalama yogulira yasowa. Musadikire kuti lithe: pitani kukatenga ena kutatsala mlungu umodzi, mutanyamula bokosi lopanda kanthu. Dokotala akaona mayina awiri ndi manambala awiri aja angakulembereni mapiritsi awiri apadera ofanana nawo kapena oyandikira, amene amapezeka ku chipatala cha boma. Gulani m'famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, osati pamsika pomwe mapiritsi amakhala padzuwa opanda bokosi. Mukabwerera ku piritsi lophatikiza, apadera aja aimenso, kuti nkhani ya pamjigo ija isabwerezedwe.

Azakhali anapezeka kuti BP yatsika kwambiri koma impso zili bwino. Mapiritsi akale tinawasiya kuchipatala komweko. Pachikuto cha buku lawo mdzukulu wawo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti TELMISARTAN ndi HCT, limodzi m'mawa, Brufen ayi. Chifuwa chija chayamba kuchepa, ndipo Lachinayi likubwerali tikupita nawo kukayezetsanso magazi.